Galimoto za sprint car: mbiri ya liwiro lobadwira m'fumbi la mabwalo a mahatchi

Sprint car ndi galimoto yampikisano yokhalamo munthu mmodzi, ya matayala oonekera kunja, yomwe imathamanga mozungulira bwalo ladothi. Kwawo kwenikweni ndi ku America, ngakhale idafalikiranso ku Australia ndi ku New Zealand. Ilibe zitseko, ilibe nyali, ndipo zambiri mwa galimotozi zilibe sitata, kilatchi kapena magiya osinthasintha. Kuti injini ilire, pamafunika galimoto ina yoikankha kumbuyo. Mpikisano wake ndi waufupi, kawirikawiri kuzungulira bwalo ka 25 mpaka ka 40, ndipo nchifukwa chake idapatsidwa dzina lotengera liwiro la mtunda waufupi.

Masiku ano sprint car yamphamvu kwambiri imakhala ndi injini ya malita 6.7 yotulutsa mphamvu pafupifupi 900 horsepower, pomwe kulemera kwake pamodzi ndi dalaivala kumangofika makilogalamu 650 kapena kucheperapo pang'ono. Koma mbiri ya galimotoyi siyambira mu injini. Imayambira pansi, m'dothi la mabwalo omwe adalimidwira mahatchi. Mabwalowo ndiwo adapereka maonekedwe a galimoto, kayendetsedwe kake komanso mtundu wa anthu omwe adaikonda. Lero galimoto zakale zikukonzedwanso ndi kusungidwa mosamala, koma ambiri mwa mabwalo omwe zinkathamangamo adasanduka misika ndi malo osungirako katundu.

Chiyambi pa zionetsero zaulimi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, maboma ambiri a m'madera aulimi ku America ankachititsa chionetsero cha zaulimi chaka ndi chaka. Alimi ankabwera ndi ng'ombe, nkhumba, chimanga ndi makina atsopano. Pakati pa malo a chionetsero pankakhala bwalo lozungulira ngati dzira, la theka la mailo, omwe ndi mamita pafupifupi 800, kapena la mailo yathunthu, omwe ndi makilomita 1.6. Pabwalopa mahatchi okoka kangolo kamatayala awiri ankapikisana, anthu atakhala pa mipando yamatabwa.

Galimoto itatulukira, eni zionetsero adaona mwayi. Mpikisano wa m'misewu ya onse unali woopsa kwa anthu odutsa ndipo palibe amene ankalipira kuti auonere. Bwalo la mahatchi linali ndi mpanda, chipata cholipirira komanso malo omwe munthu ankatha kuona mpikisano wonse osasuntha. Mu Seputembala 1896, pa chionetsero cha chigawo cha Rhode Island, galimoto zidapikisana pa bwalo la mahatchi la Narragansett, ndipo idapambana ndi galimoto yoyendera magetsi ya Riker. Uwu umawerengedwa ngati mpikisano woyamba wa galimoto pa bwalo lozungulira m'dzikolo. Mu Juni 1903, Barney Oldfield adazungulira bwalo la chionetsero cha Indiana, la mailo imodzi, pasanathe mphindi yathunthu, ali pa galimoto ya Ford yotchedwa 999.

Mabwalowa sadakonzedwere liwiro lotere. Makona ake anali osapendekeka, mipanda yake inali ya matabwa omwe ankathyoka n'kulasa madalaivala, ndipo fumbi linkachita kuphimba maso moti woyenda kumbuyo ankangotsatira phokoso la mnzake. Anthu achuma adayamba kumanga mabwalo apadera. Bwalo la Indianapolis lidatsegulidwa mu 1909 ndipo chaka chomwecho lidayalidwa njerwa 3.2 miliyoni, pansi pake poyamba patagumuka ndi kuchititsa ngozi zakupha. Ena adamanga mabwalo a matabwa okhaokha, omwe anali a liwiro loopsa koma ankaola pakangotha zaka zochepa. Dothi lidatsalira anthu wamba: makaniko a m'tauni zazing'ono, ana a alimi ndi eni magalaja.

Olembetsa ndi opanduka

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, bungwe la American Automobile Association, AAA mwachidule, ndilo linkayang'anira mipikisano ikuluikulu, kuphatikizapo wa Indianapolis 500 womwe udayamba mu 1911. Dalaivala wa chiphaso cha AAA akapezeka akuthamanga pa mpikisano wa bungwe lina ankalipitsidwa chindapusa kapena kuimitsidwa. Onse othamanga kunja kwa ulamuliro wake ankatchedwa ma outlaw, kutanthauza opanduka, ndipo dzinali lidakakamira m'masewerowa mpaka lero.

Bungwe lalikulu la opandukawa linali International Motor Contest Association, IMCA, lomwe J. Alex Sloan adathandiza kukhazikitsa mu 1915 mogwirizana ndi eni zionetsero zaulimi. Galimoto ndi madalaivala a IMCA ankayenda kuchoka pa chionetsero china kupita pa china nyengo yonse yotentha. M'zaka zoyambirira, ina mwa mipikisanoyi inkakhala yopanganiratu kuti anthu asangalale ndi kulimbana kwa pafupipafupi, koma m'kupita kwa nthawi mpikisano udakhala weniweni. Katswiri wotchuka wa IMCA m'zaka za m'ma 1930 anali Gus Schrader wa ku Iowa, yemwe adatenga ukatswiri kambirimbiri asadafe pa ngozi ya pa chionetsero cha ku Shreveport, m'chigawo cha Louisiana, mu 1941.

Panalinso anthu ena omwe adaikidwa kunja osati mwa kufuna kwawo. AAA sinkalola madalaivala akuda. Poona izi, atsogoleri ena a anthu akuda mu mzinda wa Indianapolis, mothandizana ndi azungu ochepa, adakhazikitsa bungwe la Colored Speedway Association lomwe lidayambitsa mpikisano wa mailosi 100 wotchedwa Gold and Glory Sweepstakes pa bwalo ladothi la chionetsero cha Indiana mu 1924. Ngwazi yake inali Charlie Wiggins, makaniko waluso yemwe ankadzipangira yekha galimoto. Iye adapambana koyamba mu 1926 ndipo adabwerezanso kangapo, koma mu 1936 adavulala pa ngozi ya galimoto zambiri mpaka kudulidwa mwendo. Mpikisanowo udathera chaka chomwecho. Kumadzulo kwa dzikolo, Dewey Gatson, wodziwika ndi dzina loti Rajo Jack, adathamanga zaka zambiri m'mabwalo a opanduka. Mpaka mu 1947 ndi pomwe Joie Ray adalandira chiphaso cha AAA ngati dalaivala wakuda woyamba.

Kuchoka pa Model T kufika pa Offy

Galimoto zoyamba za padothi zinkapangidwa kuchokera ku zomwe zinalipo. Kampani ya Ford idapanga galimoto za Model T zoposa 15 miliyoni pakati pa 1908 ndi 1927, choncho zipangizo zake zinali mbwee komanso zotsika mtengo. Makaniko ankachotsa thupi lonse, kufupikitsa chitsulo chonyamula galimoto, kuika kampando kamodzi ndi kusongola mchira. Pofuna kuonjezera mphamvu, ankagula mutu wa injini wapadera. Wotchuka kwambiri unali wa Frontenac, womwe ankapanga Louis Chevrolet ndi mng'ono wake Arthur, ndipo galimoto zotere zinkatchedwa Fronty Ford. Wina unali wa Rajo, womwe Gatson ankagulitsa ndi kutengerako dzina lake.

Amene anali ndi ndalama ankagula injini za Harry Miller wa ku Los Angeles. Kampani ya Miller itagwa mu 1933, kapitawo wake Fred Offenhauser adatenga ntchitoyo pamodzi ndi wojambula mapulani Leo Goossen. Injini yawo ya masilinda anayi, yomwe aliyense ankangoitchula kuti Offy, idalamulira mabwalo kwa zaka pafupifupi 30. Chinsinsi chake chinali chakuti mutu ndi thupi la injini zidaumbidwa ngati chitsulo chimodzi, popanda gasiketi yoti n'kuphulika, motero inkapirira kupanikizika kwakukulu. Inkakoka mwamphamvu potuluka pakona, chomwe ndi chofunika kwambiri pa bwalo lalifupi. Mu 1946 Offenhauser adagulitsa kampaniyo kwa Louis Meyer ndi Dale Drake, omwe adapitiriza kupanga injiniyi.

Nthawi imeneyo galimotozi zinkangotchedwa big car, pozisiyanitsa ndi tigalimoto ting'onoting'ono ta midget tomwe tidatchuka kuyambira mu 1933. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idaimitsa zonse: boma lidaletsa mipikisano ya galimoto mu 1942 pofuna kusunga mafuta ndi matayala, ndipo idayambiranso mu 1945. Dzina loti sprint car lidakhazikika nkhondo itatha, cha m'ma 1950, posiyanitsa galimoto za mipikisano yaifupi ndi zazikulupo zothamanga mailosi 100 kapena kuposerapo.

Ufumu wa Offy udagwedezeka kampani ya Chevrolet itatulutsa injini yaing'ono ya V8 mu 1955. Injiniyi inkapezeka paliponse, ngakhale m'galimoto zochita ngozi, ndipo mtengo wake unali wochepa poyerekeza ndi Offy. Parnelli Jones atatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1961 ndi 1962 pa galimoto ya injini ya Chevrolet, nkhani idatha. Injini za sprint car zamakono ndi zidzukulu za V8 imeneyo, ngakhale tsopano zimaumbidwa ndi aluminiyamu.

Momwe dothi limayendetsera mpikisano

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe okonda masewerowa amalirira bwalo lakale, ayenera kudziwa kuti dothi silikhala chimodzimodzi usiku wonse. Wokonza bwalo amalitipula, kulithira madzi ochuluka, kenaka kuyendetsapo galimoto zolemera kuti litsendereke. Dothi labwino ndi la makande, losunga chinyontho. Kale ena ankathira oilo wakutha kapena mchere wa calcium chloride pofuna kugonjetsa fumbi.

Mpikisano ukamayamba, dothi limakhala lonyowa ndi lomata, ndipo matayala amagwira kwambiri. Galimoto zikamazungulira, zimakankhira dothi kunja kwa kona, komwe limaunjikana ngati mzere wa m'munda. Dalaivala wolimba mtima amatsamiritsa tayala lakumbuyo lakumanja pa mzerewu kuti limuponye kutsogolo, koma akaulumpha pang'ono pokha amakagunda mpanda kapena kugubuduzika. Pakati pa bwalo pamauma n'kuyamba kuterera ngati galasi. Njira yomwe inali yachangu pozungulira kachisanu imakhala yochedwa pozungulira ka 20, choncho wopambana ndi amene amawerenga msanga kusintha kwa nthaka.

Galimoto nayo idapangidwira kukhotera kumanzere kokha, monga mahatchi ankazungulirira. Tayala lakumbuyo lakumanja limakhala lalikulu kuposa lakumanzere, ndipo poti onse awiri ali pa chitsulo chimodzi, galimoto imafuna kukhota yokha, monga momwe kapu yopapatiza kunsi imagubuduzikira mozungulira. Polowa pakona dalaivala amaponya mchira kunja, kupotoza chiwongolero kumanja, ndi kuwongolera galimoto ndi phazi la pa mafuta. M'zaka zakale buleki inali ya pamanja, kunja kwa thupi la galimoto, ndipo dalaivala ankafunikanso kupopa mpweya m'thanki ndi dzanja kuti mafuta afike ku injini, kwinaku miyala ndi zibuma zikumumenya kumaso. Mafuta ake ndi methanol, yemwe amaziziritsa injini ndipo amazimitsika ndi madzi, koma lawi lake silioneka bwino masana.

Mabwalo omwe ankaopedwa

Ena mwa mabwalo akale amakumbukiridwa kamba ka miyoyo yomwe adatenga. Legion Ascot, mu mzinda wa Los Angeles, lidatsegulidwa mu 1924. Dothi lake lidathiridwa oilo mpaka kulimba ngati tala, makona ake anali opendekeka, ndipo akatswiri a mafilimu a ku Hollywood ankakonda kudzaonerera. M'zaka 12 anthu oposa 20 adafera pomwepo. Nyuzipepala zidalimbana nalo kwambiri, ndipo Al Gordon ndi makaniko wake Spider Matlock atafa mu Januwale 1936, bwalolo lidatsekedwa. Patapita miyezi yochepa mipando yake idapsa ndi moto.

Kum'mawa kunali Langhorne, pafupi ndi Philadelphia, lomwe lidatsegulidwa mu 1926. Linali la mailo imodzi koma lozungulira ngati mphete, lopanda mbali yowongoka, moti dalaivala ankakhala akukhota mpikisano wonse osapuma. Mbali ina yotsetsereka inkakumbika maenje ndipo idapatsidwa dzina lonyansa loti Puke Hollow, kutanthauza chigwa chosanzirako. Mu Juni 1960, Jimmy Bryan, yemwe adapambana Indianapolis 500 mu 1958 komanso kutenga ukatswiri wa dziko katatu, adafera pamenepa pozungulira koyamba penipeni. Madalaivala ena otchuka ankakaniratu kuthamanga pa Langhorne.

M'zigawo za Indiana ndi Ohio munali mabwalo atatu a theka la mailo, Winchester, Salem ndi Dayton, omwe makona ake anali opendekeka kwambiri moti ankangotchedwa mapiri. Galimoto ikalephera kukhota inkauluka pamwamba pa mpanda n'kukagwera kunja. Winchester adalimanga mlimi Frank Funk m'munda mwake, ndipo poyamba linali ladothi lothiridwa oilo lisadaikidwe tala.

Chitetezo cha dalaivala chinali chochepa zedi. Mutu ndi mapewa zinkaonekera pamwamba pa galimoto, chipewa chinali chachikopa kapena chopyapyala, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti pangozi ndi bwino kuponyedwa kunja kusiyana ndi kumangidwa ndi lamba. M'chaka cha 1955, Bill Vukovich adafa akutsogola pa Indianapolis 500, ndipo patangopita masabata awiri anthu oposa 80 adafa pa ngozi ya ku Le Mans m'dziko la France. AAA idasiyiratu kuyang'anira mipikisano, ndipo mwini bwalo la Indianapolis, Tony Hulman, adatsogolera kukhazikitsa bungwe la United States Auto Club, USAC, lomwe lidayamba ntchito mu 1956.

Imfa sizidaleke. Mu Juni 1966, Jud Larson ndi Red Riegel adafa pa ngozi imodzi pa bwalo la Reading ku Pennsylvania. Mu Novembala chaka chomwecho, Don Branson ndi Dick Atkins nawonso adafa kamba ka ngozi imodzi pa bwalo la Ascot Park ku California. Mabungwe ang'onoang'ono anali atayamba kale kutchinga dalaivala ndi khola la mapaipi achitsulo, koma ena mu USAC ankaliona ngati chizindikiro cha mantha. Bungweli lidalamula kuti sprint car iliyonse ikhale ndi kholali mu 1971. Ngakhale lero ngozi ilipobe: Jason Johnson, yemwe adapambana Knoxville Nationals mu 2016, adafa mu 2018 atachita ngozi pa bwalo la Beaver Dam ku Wisconsin.

Kusiyana njira ndi Indianapolis

Kwa zaka zambiri sprint car inali makwerero opitira ku Indianapolis. Mwini galimoto yaikulu akafuna dalaivala, ankapita kukaona yemwe akulimba pa dothi. A. J. Foyt, Parnelli Jones, Mario Andretti ndi Johnny Rutherford onse adadutsa njira imeneyi. Ena adasankha kukhala pa dothi nthawi yambiri ya moyo wawo, monga Tommy Hinnershitz, mlimi wa ku Oley m'chigawo cha Pennsylvania, yemwe adatenga ukatswiri wa kum'mawa kasanu ndi kawiri.

Makwererowa adathyoka m'zaka za m'ma 1960. Jack Brabham adabweretsa ku Indianapolis galimoto ya injini yakumbuyo mu 1961, ndipo Jim Clark adapambana ndi Lotus ya mtundu womwewo mu 1965. Galimoto zatsopanozi zinkafuna luso la pa tala, losiyana ndi loponya mchira pa dothi. Kuyambira mu 1971, USAC idachotsa mipikisano ya padothi pa ndandanda ya ukatswiri wake waukulu. Sprint car idayenera kudziimira payokha.

Chomwe chidaithandiza chinali phiko. Mu 1958, Jim Cushman adamangirira phiko pamwamba pa galimoto yake pa bwalo la ku Columbus, m'chigawo cha Ohio. Phikoli limagwira ntchito mosemphana ndi la ndege: mphepo imakanikizira galimoto pansi, matayala n'kugwira kwambiri. Lili ndi phindu linanso, poti galimoto ikagubuduzika phiko ndilo limayamba kuphwanyika ndi kuchepetsa mphamvu ya kugunda. Mabungwe ambiri adalikana poyamba. Roy Robbins atapambana mpikisano woyamba wa Knoxville Nationals mu 1961 ali ndi chipangizo chotere, eni bwalo adachiletsa, ndipo chidaloledwanso patapita zaka zambiri.

M'zaka za m'ma 1970 kudabuka gulu la madalaivala osamangika ku bungwe lililonse, omwe ankangoyenda kutsata komwe kuli mphoto yaikulu. Wodziwika kwambiri anali Jan Opperman, wa tsitsi lalitali ndi chipewa chophwanyika, yemwe adapambana Knoxville Nationals mu 1971 ndi kugonjetsa akatswiri a USAC pa mpikisano wa Tony Hulman Classic mu 1976. Ted Johnson adasonkhanitsa oyendayendawa m'bungwe la World of Outlaws, lomwe mpikisano wake woyamba udachitikira pa bwalo la Devil's Bowl ku Mesquite, m'chigawo cha Texas, mu Malichi 1978. Katswiri woyamba anali Steve Kinser wa ku Indiana, yemwe adadzatenga ukatswiriwu ka 20 ndi kupambana Knoxville Nationals ka 12. Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 masewerowa adagawika pawiri: galimoto zamapiko pansi pa World of Outlaws ndi mabungwe ena, ndi zopanda mapiko pansi pa USAC, makamaka ku Indiana ndi ku California.

Mabwalo omwe adatha

Pomwe galimoto zinkapita patsogolo, malo othamangirapo ankacheperachepera. Mabwalo ambiri adamangidwa kunja kwa mizinda, pakati pa minda. Nkhondo itatha, mizinda idakula n'kuwazungulira. Anthu omwe adamanga nyumba pafupi adayamba kudandaula za phokoso ndi fumbi, ndalama za inshuwalansi zidakwera, ndipo mtengo wa malo udaposa kutalitali zomwe bwalo lingapeze pa chipata m'miyezi yochepa ya nyengo yotentha. Mwini bwalo akakalamba, ana ake nthawi zambiri ankaona chanzeru kugulitsa.

Langhorne lidaikidwa tala mu 1965, lidatsekedwa mu 1971, ndipo pamalopo pali masitolo. Reading lidachititsa mpikisano womaliza mu 1979, pamalo pake n'kumangidwa msika waukulu wamakono. Ascot Park, lomwe lidatsegulidwa mu 1957 ku Gardena ndipo lidatchuka pansi pa J. C. Agajanian, linali pa malo a lendi. Lidatsekedwa mu Novembala 1990, ndipo patapita nthawi malowo adasanduka ogulitsirapo galimoto pa okushoni. Manzanita, mu mzinda wa Phoenix, lidayamba mipikisano ya galimoto mu 1951 ndipo lidagulitsidwa mu 2009 kwa kampani ya makina olemera. Bwalo la mailo imodzi la chionetsero cha New York ku Syracuse lidachititsa mpikisano womaliza mu 2015, boma litaganiza zokonzanso malo a chionetserocho. Ngakhale Devil's Bowl, komwe World of Outlaws idabadwira, lidatsekedwa mu Okutobala 2023.

Ena sadagwetsedwe, adangosiyidwa. Jungle Park, pafupi ndi mtsinje wa Sugar Creek ku Indiana, lidatsegulidwa mu 1926 ndipo mpikisano wake womaliza udachitika mu 1960. Mitengo idamera mozungulira, koma mbali ina ya mipando yake yofoleredwa idakalipo ndipo njira ya bwalolo imaonekabe mu udzu.

Mabwalo omwe adapulumuka

Omwe adatsala ali ndi zofanana: ali kutali ndi mizinda ikuluikulu, ndipo malo ake ali m'manja mwa anthu omwe amafuna kuti mpikisano upitirire. Chitsanzo chachikulu ndi Knoxville, tauni ya anthu pafupifupi 7,500 m'chigawo cha Iowa. Bwalo lake, la theka la mailo ndi dothi lakuda, lidayamba ngati la mahatchi, ndipo galimoto zidathamangapo koyamba mu 1901. Mipikisano ya sabata ndi sabata idayamba mu 1954. Mwini wake mpaka lero ndi bungwe la chionetsero cha zaulimi cha boma la Marion, lomwe silidalira kugulitsa malo kuti lipeze phindu. Mwezi wa Ogasiti uliwonse, pa Knoxville Nationals, mipando yoposa 20,000 imadzaza, kutanthauza kuti alendo amachuluka kuposa eni tauni.

Williams Grove, pafupi ndi Mechanicsburg ku Pennsylvania, lidatsegulidwa mu 1939 ndipo mpikisano woyamba adapambana ndi Hinnershitz. Madalaivala a m'derali, odziwika kuti Pennsylvania Posse, amanyadira kugonjetsa a World of Outlaws akabwera kwawo. Eldora, ku Rossburg m'chigawo cha Ohio, adalimanga Earl Baltes mu 1954 pakati pa minda ya chimanga. Baltes, yemwe poyamba anali woimba, adayambitsa mpikisano wa Kings Royal mu 1984. Atakalamba adagulitsa bwalolo mu 2004 kwa Tony Stewart, katswiri wa NASCAR yemwe adakulira pa dothi. Mu 2023 Eldora idapereka mphoto yoposa 1 miliyoni ya ndalama za ku America kwa Logan Schuchart pa mpikisano umodzi wa sprint car. Terre Haute, lomwe lili pa malo a chionetsero ku Indiana, lidatsegulidwa mu 1952 ndipo lasinthana oliyendetsa kangapo.

Kusunga zomwe zatsala

Ntchito yosunga mbiriyi ili m'manja mwa nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi magulu a anthu odzipereka. Nyumba ya National Sprint Car Hall of Fame and Museum idatsegulidwa mu 1992 pa kona yachiwiri ya bwalo la Knoxville, ndipo chaka chilichonse imalemekeza madalaivala, makaniko, eni galimoto ndi atolankhani. Mu mzinda wa Lincoln, ku Nebraska, muli Museum of American Speed yomwe adayambitsa Bill Smith, momwe muli injini zakale zambirimbiri, kuphatikizapo za Miller, Offenhauser ndi mitu ya Model T. Ku York Springs, m'chigawo cha Pennsylvania, a Eastern Museum of Motor Racing adachita chinthu chosowa: adakonzanso bwalo lakale la chionetsero cha Latimore Valley, lomwe lidakhala litagona kwa zaka zambiri, kuti galimoto zakale zizithamangapo.

Pa misonkhano yotere sipakhala kulimbirana mphoto. Galimoto za m'ma 1930 mpaka m'ma 1970 zimakankhidwa kuti zilire, kenaka zimazungulira pa liwiro loyezera, poti zambiri zilibe khola loteteza dalaivala ndipo sipeya wake ndi wosowa. Okonzanso galimotozi amafufuza zithunzi zakale kuti apeze mtundu weniweni wa penti, nambala ndi dzina la galaja yomwe inkalipira. Ntchitoyi ndi yovuta chifukwa galimoto imodzi inkasinthidwa injini, thupi ndi eni kambirimbiri pa moyo wake.

Galimoto yomwe idapezeka itachita dzimbiri m'khola la ng'ombe ingathe kubwezeretsedwa ndi munthu mmodzi wodekha. Bwalo silitero. Likangogulitsidwa, dothi lake limasalazidwa, ndipo n'kovuta kuti boma la mzinda lilole lina latsopano pafupi ndi nyumba za anthu. Nchifukwa chake zigawo zingapo, kuphatikizapo Iowa, zakhazikitsa malamulo oteteza mabwalo akale ku milandu ya phokoso yochokera kwa anthu omwe adabwera kudzakhala pafupi bwalo lilipo kale. Luso lomwe Hinnershitz ndi Wiggins ankagwiritsa ntchito likuphunziridwabe: Jeff Gordon adathamanga pa sprint car ali mnyamata, ndipo Kyle Larson adapambana Knoxville Nationals mu 2021, chaka chomwe adatenganso ukatswiri wa NASCAR. Koma lusoli limaphunziridwa pa dothi pokha, Loweruka usiku, pa bwalo lomwe wina walithira madzi kuyambira m'mawa.